Lichero Pamutu pa Apongozi

Sukulu ndinaisiyira panjira tsiku limene monitala anandikwapula chifukwa cha inki yotaya mwana wina. Ndinamulanda ndodoyo, n'kuithyolera pabondo, n'kutuluka. Mpaka lero tikakumana ndimamupatsa moni bwinobwino, iye n'kuyankha ali chapatali. Kwathu ku Tukombo nako sindinakhalitseko nditakwatira, pakuti ine ndi mkulu wanga tinagwirana pakhosi pa nkhani ya ukonde. Anthu atatileretsa, ndinatenga mkazi wanga ndi bwato langa n'kukakhala kwawo kwa mkaziyo, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chintheche. Msuweni wanga, amene tinkapalasa naye bwato limodzi chiyambire, ananditsatira. Ati ankafuna adzaonerere tsiku limene ndidzamenyane ndi nyanja, poti anthu ndinali nditawamaliza.

Doko limene ndinakulira linali kuseri kwa miyala. Kaya kunja kuwinduke bwanji, ukangokhota pamiyalapo madzi ankakhala ogona, n'kukocheza ngati ukulowa m'nyumba mwako. Kwa mkazi wanga kunalibe zimenezo. Gombe lake ndi mchenga wokhawokha, wautali, wopanda mwala kapena chisumbu chotchinga, ndipo mwera ukamabwera umatenga nyanja yonse n'kudzaitula pamenepo. Chakumpoto pang'ono pali kamtsinje. Mvula ikatha mafunde amaunjika mchenga pakamwa pake n'kukatseka, madzi n'kukhala thamanda kuseri kwa mchengawo. M'thamandamo ndi mmene amayi a m'mudzi amaviika chinangwa.

Woyamba kufika pathamandapo tsiku lililonse anali apongozi anga, mayi wamasiye, wamfupi, wa miyendo yowonda ngati ya kakowa. Miyendoyo ndikuidziwa bwino, chifukwa kwa nthawi yaitali ndi yokhayo imene ndinkaona.

Asanakhudze chinangwa ankayamba ayenda m'mphepete mwa madzi, lichero lili m'khwapa. Ankayang'ana pamene mafunde analekezera, pamzere wa bango ndi tizigoba ta nkhono totsalira pamchenga. Ankaponda mchenga wonyowa kuti amve ngati ukulimba kapena ukumira. Kenako ankaima chete, maso ali kutali. Sikuti ankachita zimenezi pofuna kutchuka. Tsiku limene mafunde angadumphe mchenga uja n'kulowa m'thamanda, chinangwa cha mudzi wonse chimapita, ndipo chinawapitirapo kale ali mtsikana wongokwatiwa kumene, mudzi n'kuwanena mpaka kukolola kwina. Nyanja anaiphunzira polondera chakudya. M'bwato sanakwerepo. Ankati akangokhalamo, ngakhale lili pamtunda, mutu umazungulira.

Madoda a maukonde akatsika m'mawa ankayamba adutsa pamene iwo aima. Ankafunsa ngati akufunsa za wodwala wa m'nyumba.

"Ama, lero yadzuka bwanji?"

"Yagona, koma ndi tulo ta khanda. Mukaponye pafupi. Dzuwa likafika apa," n'kuloza ndi lichero, "mukhale mutabwerako."

Tsiku lina ankangoti, "Lero kasokeni maukonde."

"Koma mphepo kulibe, ama."

"Mphepo ili m'njira. Ana ake afika kale, simukuwaona?"

Ana a mphepo anali mafunde aataliatali, osalala, opanda thovu, amene amabwera mwakachetechete kunja kuli bata. Ine ndinakulira panyanja, koma amenewa sindinkawasamala. Ndinawadziwa nditakhala kuseri kwa bwato langa, ndikunamizira kumanga chingwe, makutu ali kwa apongozi.

Mphepo zonse ankazinena ngati anthu a m'mudzi. Mwera ankati ndi mlendo wopanda manyazi: akafika nthawi yozizira amagona masiku, nyanja n'kuchita bii, thovu lili pamwamba, ndipo asanafike mapiri a kutsidya amaoneka pafupi ngati ungawagende. Vuma wa kum'mawa ankati ndi wa phokoso chabe, amadzuka ndi dzuwa, masana watopa. Amene ankamuopa ndi mpoto wa nthawi ya mvula, chifukwa sachita odi. Kumwamba kumangoda mbali imodzi, madzi n'kuzizira kumapazi, ukati utukule dengu wafika kale. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi anzawo kuti mpoto ndi ngati mkamwini wawo, sachenjeza. Amayiwo anaseka mpaka wina anagwetsa chinangwa m'madzi. Ine ndinamanga chingwe chija mfundo imene inandivuta kumasula sabata yonse.

Ankadziwanso za zaka, osati za tsiku lokha. Pali chitsa cha mtengo chimene chili m'madzi ofika m'chiuno. Iwo amati pamenepo panali bwalo la nyumba imene anabadwiramo, ndipo nyanja inabwera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka inalanda. Sanena modandaula. Amangoti inabwereka, mwina idzabweza.

Koma chimene ndikufuna kunena kwenikweni ndi ntchito ya lichero. Munthu amene ali m'bwato kuseri kwa mafunde oswa sawaona bwino. Amangoona misana yawo. Limene likubwera kumbuyo kwake salidziwa kukula kwake mpaka litamunyamula, ndipo akacheuka kuti aliyang'ane, bwato limapingasa, basi kwatha. Wa pamtunda ndiye amaona zonse. Choncho mwera ukapeza mabwato ali panja, apongozi ankasiya chinangwa n'kukwera pamulu wa mchenga umene uli pakati pa gombe. Lichero likakhala pamutu, ndiye kuti dikira, uzipalasa chobwerera. Akalitsitsa n'kuligunditsa pachifuwa, bwera ndi mphamvu zako zonse. Likapendekera uku kapena uku, wa kumbuyo akhotetsere bwato komweko. Mawu pamenepo sagwira ntchito, mkokomo umameza. Palibe anawapatsa udindo umenewu. Anangoyamba amuna awo adakali moyo, ndipo asodzi akakocheza bwino ankasiya nsomba pang'ono palichero lomwelo n'kumapita.

Vuto langa linali lakuti amenewa anali apongozi anga. Ndinaleredwa kuti mpongozi suyang'anana naye. Mukakumana panjira umapatukira kutchire n'kunjuta, nkhope kumbali. Sudya iye akuona. Ukafuna kumuuza kanthu umauza mkazi wako, kapena mwana, kaya nkhuku imene ikudutsa, iye n'kumva yekha. Ine ndine wa mtima wapachala, aliyense akudziwa, koma wopanda mwambo ayi. Ndipo popeza ndinafika m'mudzimo ndi mbiri ya ndewu, ulemu umenewu ndinaugwiritsitsa kuposa akamwini onse, kuti anthu asapeze ponenera.

Mwera woyamba utatipeza panyanja tinapangana ndi msuweni wanga. Iye ankakhala kutsogolo, ndipo kwa iye mayiwo sanali apongozi. Aziyang'ana lichero n'kumandiuza, ine kumbuyo ndiziwongolera maso ali pansi. Tinali ndi usipa wodzaza madengu. Tinaima kuseri kwa mafunde, iye akufuula kuti pamutu, pamutu. Kenako anafuula china chimene mphepo inadya. Ndinafunsa kuti wati chiyani. Pamene ankabwereza, mpata unali utatha. Funde linatitenga cham'mbali n'kutikhuthula ngati madzi otsukira mbale. Usipa unabwerera kwawo. Ine ndinavuuka ndi mchenga m'makutu ndi m'mano, kabudula ali m'mawondo, pamaso pa amayi onse a pathamanda.

Apongozi sanaseke. Anaitana mwana wawo n'kumuuza, ine ndikumva:

"Uwafunse amuna akowo ngati pansi pa bwato panalembedwa kanthu, poti ndinaona akuwerenga."

Msuweni ndinamuthamangitsa ndi nkhafi mpaka m'munda wa chinangwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha kasodzedwe. Ndinkapita chakummwera, kufupi ndi miyala ina imene ili kutali ndithu ndi mudzi, kuti nyanja ikawinduka ndizilowa kuseri kwake. Bwato tinkalisiya komweko n'kubwerera wapansi, nsomba zili pamutu. Msuweni ankadandaula njira yonse.

"Anzathu anakwatira akazi, ife tinakwatira ulendo."

"Khala chete."

"Ungowayang'ana kamodzi. Sufa. Ine ndimawayang'ana tsiku ndi tsiku, ona mmene ndanenepera."

"Iwe si mkamwini."

"Ndikadzakhala mkamwini ndidzasankha apongozi a kumapiri, oti nyanja amangoimva."

Mkazi wanga naye ankanena zomwezo, koma mofatsa, pondilandira dengu. Ankati amayi ake sangakhumudwe. Ine ndinkati nkhani si ya kukhumudwa kwawo, ndi ya mmene ndinaleredwera, ndipo ndikakweza mawu ankangotola dengu n'kupita kukayanika nsomba. Tinakhala choncho nyengo ya mwera yonse mpaka ina inafika.

Mkazi wangayo anali ndi mlongo wake mmodzi, wamkulu, amene anapita ku migodi ya ku Joni iye ali kamwana. Ine ndinali ndisanamuonepo. Poyamba ankatumiza nsalu ndi mabulangete, kenako zii. Anthu anali atayamba kumuika m'gulu la matchona, aja opita osabwerera. Chaka chimenecho, nthawi yozizira, munthu wina wa ku Kande wochokera komweko anadzanena kuti mlamu wangayo ali m'njira. Anamusiya kwa anthu ena kudoko la kummwera kwa nyanja akupuma, adzakwera sitima yotsatira. Chifuwa cha kumigodi chinali chitamudya. Munthuyo sanabise: ati ngati afike, afike msanga.

Sitima kwathu kuno siifika pamtunda. Imaima patali moyang'anana ndi gombe, n'kutsitsa boti lake lonyamula anthu ndi katundu. Koma mwera ukakula boti salitsitsa. Sitima imangolira, n'kudikira pang'ono ngati pali mabwato olimba mtima, kenako n'kupitirira ku Nkhata Bay kumene kuli kobisika. Wathanzi akatsikira kumeneko amabwerera wapansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma wodwala ngati ameneyu kunali kumunyamula pamachila, kudutsa madambo a Limphasa, kuwoloka Luweya, kugona panjira m'chisanu. Palibe ananena, koma tonse tinkadziwa kuti machila amenewo akanafika ndi maliro.

Tsiku la sitima kunacha bwino, kopanda ndi kamphepo komwe. Mkazi wanga anayamba kusesa pabwalo akuimba. Ine ndinatsikira kunyanja n'kukhala kuseri kwa bwato langa, limene ndinali nditakalitenga kumiyala dzulo lake. Apongozi anali ataima pamalo pawo. Mafunde aatali aja anali akubwera, osalala, akukwera mchenga mpaka kupyola mzere wa dzulo n'kubwerera mwakachetechete. Mapiri a kutsidya anali pafupi. Madoda anafunsa funso lawo la masiku onse. Apongozi anangoitana amayi anzawo kuti avuule chinangwa chonse m'thamanda, ngakhale chosafewa.

Pamene utsi wa sitima unkaoneka, mwera unali utafika. Mchenga unkaluma m'miyendo. Mafunde ankaswa mizere mizere, ndipo lina likagwa nthaka inkagwedezeka. Sitima inaima, inalira, boti osatsika.

M'mudzimo amuna amphamvu analimo ochepa. Ambiri anali ku Halale ndi ku Joni. Otsala anali madoda ndi ana, ndipo bwato lalikulu lotha kugonekamo munthu linali langa. Miyala yanga ija sikanathandiza, poti inali kumene mphepo inkachokera, ndipo palibe akanapalasa kukafika kumeneko tsiku limenelo. Kobwerera kunali kumodzi, pagombe pomwepo. Palibe anandipempha. Ndinangoona kuti onse akuyang'ana bwatolo.

Apongozi anabwera n'kuima pambali pa mwana wawo, atandifulatira.

"Uwauze amuna ako kuti ine asandiyang'ane. Ayang'ane lichero. Lichero silinabereke munthu."

Mkazi wanga anatembenuka kuti andiuze.

"Ndamva," ndinatero, maso ali pamchenga. "Uwauze kuti ndamva."

"Uwauzenso kuti mtima wawo uja ausiye pano, ndiwasungira. Adzautenga pobwera."

Madoda anaseka, ngakhale tsikulo silinali loseka. Ine mtimawo unayamba kuwira pomwepo, koma ndinameza.

Kutuluka kunali kovuta koma kotheka, poti funde ukuliona ndi maso ako likubwera. Madoda anatikankha, tinadumphiramo, loyamba tinalikwera, lachiwiri linatisambitsa thupi lonse, msuweni akutukwana nyanja ndi makolo ake. Titafika pasitima, bwato lathu linkakwera mpaka kuona mapazi a anthu, n'kutsika mpaka kuona dzimbiri la kunsi. Wantchito wina wa m'sitimamo, wolankhula Chinyanja cha kummwera, anasuzumira.

"Achimwene, mwadzatenga munthu kapena mwadzafa?"

"Tsitsani munthu wathu. Zinazo tidzakambirana ndikadzakwera."

Anamutsitsa ndi chingwe m'khwapa, atavala chikhoti chachikulu cha kumigodi. Nditamulandira ndinadabwa, chifukwa chikhoti chinkalemera kuposa mwini wake. Bokosi lake tinalikana, linapitirira ndi sitima n'kudzabwera pambuyo. Tinamugoneka pamphasa yopinda, msana utatsamira miyendo yanga, nkhope italoza kumtunda. Anandiyang'ana chogadama.

"Ndinu alamu?"

"Ndine."

"Ndinamva kuti mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu wandewu."

"Sananame."

"Zili bwino. Lero tikufuna wotero."

Anatsokomola nthawi yaitali, ife tikupalasa, mphepo ikutikankha kumsana.

Tinafika kuseri kwa mafunde oswa. Pamenepo ndi pamene pali ntchito. Mwera ukukukankhira kumtunda, iwe ukupalasa chobwerera kuti usalowe, ndipo bwato lisapingase ngakhale pang'ono. Ndinakweza maso.

Lichero linali pamutu. Ndinayesa kuyang'ana lichero lokha monga ananenera, koma lichero likakhala pamutu pa munthu, pansi pake pamakhala nkhope. Sitinali patali, mwala ukanafika. Kanali koyamba kuiona bwinobwino. Ndinaona mphumi ya mkazi wanga ndi chibwano chake, zitakalamba. Ndinadikira kuti maso athu akumane, manyazi andigwire. Sanakumane. Sankayang'ana ine. Sankayang'ananso mwana wawo, amene anali atadzutsa mutu, mwana amene sanamuone zaka zonsezo. Maso awo anali pamwamba pa mitu yathu, kutali kumbuyo, kumene mafunde ankachokera. Amayi ena onse anali m'madzi ofika m'mawondo, akulira, akumuitana, mkazi wanga ali patsogolo. Iwo anali pamulu okha, njo, manja onse awiri atagwira lichero pamutu, nsalu ikuwombedwa ndi mphepo.

Ndiye kuti masiku onse aja ndinkazungulira kumiyala ndinkathawa maso amene sanali pa ine n'komwe.

Tinadikira. Madzi ankalowa, msuweni akupalasa ndi kukapa mosinthana. Mapewa anayamba kuwotcha. Mlamu wanga anayamba kunjenjemera, mano akugundana, ndipo kutsokomola kwina kunasiya magazi pachikhoti. Kumbuyo sitima inalira, ikunyamuka. Kenako nyanja inachita ngati yapuma. Anadutsa mafunde ang'onoang'ono, patsogolo pathu n'kuyera njira mpaka pamchenga.

"Tiye," anatero msuweni. "Ndi pano. Tiye, iwe."

Lichero linali pamutu.

"Akalamba, sakuona," anateronso msuweni. "Tiye. Munthuyu atifera m'manja."

Zimene ndinanena mumtima za apongozi anga nthawi imeneyo sindingazilembe. Mtima umene ankati andisungira unali nane m'bwato momwemo, wonse wathunthu. Nkhafi ndinali nditaimiza kale kuti ndikankhe. Pamenepo mlamu wanga anandigwira chala cha kuphazi, dzanja lozizira ngati nsomba.

"Alamu, ama sanatsitse."

Ndinapalasa chobwerera. Ndinapalasa mwaukali, ngati ndikumenya munthu, ndipo mwina ukaliwo unathandiza, chifukwa funde limene linabwera linafuna mphamvu zonsezo. Linatinyamula mpaka ndinaona madenga a m'mudzi ndi minda ya kuseri kwake, n'kutisiya, n'kukaswera pomwe tikanakhala. Linakwera gombe lonse, kugwetsa amayi, kudumpha mchenga uja, n'kukalowa m'thamanda lopanda chinangwa. Linzake linatsatira, ndi linanso.

Madzi a funde lomaliza anafika pamapazi pa apongozi. Sanasunthe. Kenako, thovu lisanathe n'komwe, pamene ine ndikanati nyanja idakali yolusa, lichero linatsika n'kugunda pachifuwa.

Tinapalasa. Linapendekera kumanja, ndinakhotetsa. Linawongoka, ndinawongola. Funde laling'ono linatitenga kumbuyo n'kuthamanga nafe, bwato likunjenjemera pansi pathu, mpaka mphuno yake inalima mchenga. Madoda ndi amayi anagwira m'mbali n'kulikoka, ife tili momwemo, kufikira pouma.

Pamenepo ndi pamene apongozi anatsika pamulu. Sanathamange. Anayamba ayang'ananso nyanja ngati pali bwato lina, n'kuika lichero pansi, n'kudzagwada pambali pathu. Ine maso ndinali nditabweza kale pansi, choncho ndinangoona manja awo akumasula chikhoti chonyowa chija, batani ndi batani.

"Ama," anatero mlamu wanga, "munandiimika nthawi yaitali."

"Iwe unandiimika zaka. Tiye kunyumba."

Anthu atamunyamula, iwo anatsalira pang'ono, n'kugogoda m'mbali mwa bwato ndi chala.

"Bwato iwe, uwauze eni ako kuti nkhafi yawo ikupita ku Usisya."

Ndinacheuka. Inalidi ikuyandama m'thovu, ikulowera kumpoto. Kaya ndinaitaya nthawi yanji. Msuweni ndiye anakaivuula, ndipo anabwera nayo akuti kuyambira tsopano iye azikhala pamtunda, amugulire lichero lake.

Mlamu wanga anakhala nafe mwera wonse, ndi nyengo yotentha, mpaka mvula yoyamba. M'mawa uliwonse tinkamunyamula n'kukamukhazika pamthunzi pafupi ndi gombe, atafunda bulangete. Madoda akamadutsa iye ndiye ankayamba kufunsa kuti ama, lero yadzuka bwanji, ndipo nthawi zina ankatsutsa dala kuti amayi ake amukalipire. Anadya chinangwa cha m'thamanda la kwawo. Anamwalira mpoto utayamba, m'nyumba ya amayi ake, ndipo ali m'manda a kwawo kuseri kwa mudzi, kumene mkokomo wa nyanja umafika.

Ine panjira ndimapatukabe. Ndikakumana ndi apongozi ndimanjuta, nkhope kumbali, ndipo ndikafuna kudziwa za nyanja ndimafunsa mwana wanga wakhanda amene amakhala kumsana kwawo, iwo n'kumuyankha iyeyo. Koma kumiyala kuja sindinapitekonso. Mwera ukatipeza panja ndimabwera molunjika pakhomo, n'kuima kuseri kwa mafunde, n'kukweza maso. Kudikirako sindinakuzolowere. Sabata yathayi apongozi anatiimika nthawi yaitali moti ndinang'alula nkhafi pomenya m'mbali mwa bwato. Titakocheza anauza mdzukulu wawo kuti awauze atate ake kuti mtengo wabwino wa nkhafi uli kuseri kwa munda wawo, akaseme ziwiri.